Masekondi 5.6 a pa Mill Avenue: lipoti la ngozi ya galimoto yodziyendetsa yokha ku Tempe

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timagwira ntchito yowunika chitetezo cha makina oyendetsedwa ndi kompyuta, komanso ophunzira uinjiniya amene akufuna kuona mmene chisankho chopangidwa pa desiki chimakafikira pamsewu. Likukamba za ngozi imene inachitika mumzinda wa Tempe, m'chigawo cha Arizona ku America, usiku wa Lamulungu pa 18 Malichi 2018, nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko. Galimoto yoyeserera ya kampani ya Uber, ikudziyendetsa yokha, inagunda mayi wa zaka 49 amene ankawoloka msewu akukankha njinga yakapalasa. Mayiwo anamwalirira kuchipatala. Aka kanali koyamba kudziwika kuti munthu woyenda pansi wafa atagundidwa ndi galimoto yodziyendetsa yokha.

Bungwe limene linafufuza ngoziyi mozama ndi National Transportation Safety Board, mwachidule NTSB, lomwe limafufuza ngozi za ndege, sitima ndi magalimoto m'dziko la America. Linagamula za chomwe chinachititsa ngoziyi pa 19 Novembala 2019, ndipo nthawi ndi manambala ambiri m'lipoti lino ndi zomwe ofufuzawo anapeza mu kompyuta ya galimotoyo.

Maganizo anga ndiwanenere pano. Galimoto ija inawaona mayiwo, ndipo inawaona kutatsala masekondi 5.6 kuti iwagunde, nthawi yokwanira kuima kawiri. Chomwe chinawapha ndi zisankho zingapo za anthu okonza makinawo, chilichonse chokhala ndi chifukwa chake chomveka, zomwe zinachotsa zotchinga ngozi chimodzichimodzi mpaka udindo wonse unatsalira munthu mmodzi wokhala pampando wa dalaivala, amenenso kampaniyo sinkamuyang'anira.

Galimotoyo ndi malowo

Inali Volvo XC90 ya 2017, yomwe nthambi ya Uber yotchedwa Advanced Technologies Group inaikamo zida zake. Padenga panali lidar imodzi, chida chozungulira chimene chimaponya kuwala kwa laser mbali zonse n'kuyeza nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Chida chimenechi sichidalira dzuwa kapena magetsi a mumsewu, choncho usiku chimaona monga mmene chimaonera masana. Panalinso ma radar 8, zida zoona zinthu pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, ndi makamera oyang'ana mbali zonse. Zonsezi zinkatumiza uthenga ku kompyuta, ndipo pulogalamu yake inkagwira ntchito zitatu motsatizana: kuzindikira chinthu n'kuchipatsa dzina, kulosera komwe chikulowera, kenako kusankha chochita, kaya kupitiriza, kukhota kapena kugwira mabuleki. Kutsatizana kumeneku ndi kofunika m'nkhaniyi, chifukwa ntchito yachiwiri inkadalira kwambiri dzina loperekedwa ndi ntchito yoyamba.

Msewu wa Mill Avenue pamalopo ndi wotakata, ndipo liwiro lololedwa linali mamailo 45 pa ola, pafupifupi makilomita 72. Pakati pa mbali yopita kumpoto ndi yopita kumwera pali kachilumba kodzalapo zitsamba. Nthawi imeneyo pakachilumbapo panali tinjira toyala njerwa topingasana ngati chilembo cha X, tothera m'mphepete mwenimweni mwa msewu, koma pomwe tinjirato tinkathera panali zikwangwani zoletsa kuwoloka. Malo ovomerezeka owolokera anali mamita oposa 100 kutsogolo, pa mphambano ya Curry Road. Aliyense wokonza misewu amadziwa kuti anthu amatsata njira yomwe phazi likuona, chikwangwani chinene zomwe chinganene. Ngozi itachitika tinjirato anatifafaniza.

Mayiwo anachokera pakachilumbapo kulowera kum'mawa, atavala zakuda, njinga yawo ilibe zonyezimira m'mbali. Magazi awo atayezedwa munapezeka mankhwala ozunguza bongo, ndipo NTSB inalemba kuti izi, pamodzi ndi kuwoloka pamalo oletsedwa, zinathandizira ngoziyi. Sindikubisa zimenezo. Koma kwa ife okonza makina, munthu woledzera, mwana wothamangira mpira ndi gogo wosamva bwino onse ndi anthu amene galimoto ikumana nawo ndithu, ndipo ndi amene makinawo amayenera kukonzekera.

Zomwe kompyuta inalemba

Galimotoyo inali itadziyendetsa yokha kwa mphindi pafupifupi 19, ikuzungulira kachiwiri njira yake yoyeserera. Kutatsala masekondi 5.6, ikuthamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola, radar inaona chinthu kutsogolo, ndipo kompyuta inachitcha galimoto. Pa liwiro limenelo galimoto imadutsa mamita 19 kapena 20 pa sekondi iliyonse, kotero mayiwo anali patali mamita oposa 100.

Pa masekondi 5.2 lidar nayo inachiona chinthucho, koma inachiika m'gulu la zinthu zosadziwika, n'kuchiyesa choima. Pa 4.2 inasintha n'kunena kuti ndi galimoto. Pa 3.9 kompyuta inalosera kuti galimoto imeneyo iyenda motsata mzere wa kumanzere, woyandikana ndi wake, choncho palibe chodetsa nkhawa. Kuyambira pa 3.8 mpaka 2.7 dzinalo linkangosinthasintha pakati pa galimoto ndi chinthu chosadziwika. Pa 2.6 chinakhala njinga yoima. Pa 2.5 chinakhala njinga yoyenda motsata mzere wa kumanzere. Pa 1.5 chinabwerera kukhala chosadziwika, cholowerera pang'ono m'njira, ndipo kompyuta inakonza zochilambalala cha kumanja. Pa 1.2 inachitchanso njinga, ndipo apa mpamene inazindikira koyamba kuti chili m'njira yake yeniyeni ndi kuti kulambalala sikuthekanso.

Mabuleki sanagwire. Pulogalamuyo inalowa m'kanthawi kamene mainjiniya a Uber ankakatcha action suppression, sekondi imodzi yathunthu imene galimoto imaletsedwa kugwira mabuleki adzidzidzi, podikira kuti ngoziyo itsimikizike kapena munthu alowererepo. M'sekondi imeneyo simunalire belu lililonse lochenjeza munthu wodikiridwayo. Belu linalira pa 0.2, pamene galimoto inayamba kukonza zochepetsa liwiro pang'onopang'ono. Woyang'anira galimotoyo, munthu wokhala pampando wa dalaivala uja, anagwira chiwongolero kutatsala 0.02, galimoto inagunda mayiwo pa liwiro la makilomita pafupifupi 63 pa ola, ndipo phazi linafika pa buleki patadutsa masekondi 0.7 chigundireni.

M'masekondi onsewo kompyuta sinawatche mayiwo munthu woyenda pansi ngakhale kamodzi.

Kuiwala

Pa zolakwika zonse, ichi ndi chimene ndimafuna ophunzira achimvetse bwino, chifukwa ndi chobisika kwambiri. Kulephera kudziwa chomwe chili kutsogolo si chachilendo. Munthu wokankha njinga, yomwenso inali ndi majumbo, akaonekera cham'mbali usiku pa mtunda wa mamita 100, lidar imangopeza timadontho towerengeka, ndipo timadonthoto tingafanane ndi zinthu zambiri. Palibe pulogalamu imene siphonyapo dzina. Funso la wowunika limakhala lakuti, dzina likaphonyeka chimawonongeka n'chiyani.

Mu pulogalamu ya Uber, dzina likasintha, mbiri yonse ya komwe chinthucho chakhala chikudutsa inkatayidwa, ndipo chinkayamba kuonedwa ngati changotulukira kumene. Kuti udziwe kuti chinthu chikuyenda ndi komwe chikulowera, umafunika kuchiona pamalo awiri kapena atatu motsatizana. Ukachiona kamodzi kokha ulibe chonena, ndiye pulogalamuyo inkagwiritsa ntchito zomwe inauzidwa kale: chosadziwika chimakhala choima, galimoto ndi njinga zimayenda motsata mzere wa msewu. Mayiwo ankayenda mosasinthasintha, modutsa mizere ya msewu kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pa liwiro la munthu woyenda, masekondi 5 ndi mamita 6 kapena 7, mizere iwiri ya msewu. Mukanati mungolemba papepala malo onse amene lidar inawaona n'kulumikiza madonthowo ndi lula, mzerewo ukanakumana ndi njira ya galimoto poyera. Uthengawo unalipo mu makinamo, koma unkafufutidwa nthawi iliyonse dzina likasintha. Zili ngati mlonda amene akuona chinthu chikubwera mumdima, n'kumati ndi galu, ayi ndi munthu, ayi ndi chitsa, ndipo nthawi iliyonse akasintha maganizo akuiwala kuti chinthucho chakhala chikuyandikira pageti.

Njira yabwino ndi kulekanitsa mafunso awiriwa. Funso lakuti chinthuchi chili pati ndipo chikulowera kuti liyankhidwe palokha, potengera muyezo wa zida. Funso lakuti chinthuchi n'chiyani libwere pambuyo, kuti lithandize kulosera, koma lisakhale ndi mphamvu yofafaniza zomwe zayezedwa kale. Ndiponso kusinthasintha kwa dzina ndi uthenga pakokha. Makina akasintha maganizo kangapo pa chinthu chimodzi m'masekondi atatu, ndiye kuti sakudziwa chomwe akuona, ndipo kusadziwa chomwe chili pamsewu kutsogolo kwako ndi chifukwa chokwanira chochotsera phazi pa moto. Dalaivala aliyense wodziwa ntchito amachita zimenezi osaganizira n'komwe. Galimoto ija inatsika liwiro pang'ono chabe, ndipo chifukwa chake chinali choti inkayandikira mphambano yomwe inkayenera kukhotera kumanja.

Cholakwika china chogwirizana ndi ichi n'chakuti okonza pulogalamuyo sanaganizire za munthu wowoloka pamalo opanda mizere yowolokera. Pulogalamuyo inkatha kuzindikira anthu oyenda pansi, koma inkawayembekezera kuwoloka pamalo ovomerezeka. Amene tinakulira m'mbali mwa M1 sitifunika kuuzidwa kuti maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa bambo wokankha njinga yosenza matumba a makala kudutsa msewu madzulo ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Ngakhale ku Tempe komweko anthu amawoloka pomwe afuna, ndipo kampani yomwe magalimoto ake ankazungulira mumzindawo usana ndi usiku inali ndi mwayi wonse woona zimenezi m'makamera ake.

Sekondi yodikira ija

Ndiyenera kuwachitira chilungamo mainjiniya amene anaika sekondi imeneyi, chifukwa vuto lomwe ankalimbana nalo ndi lenileni. Pulogalamu ikadali yosakhwima imaona ngozi pomwe palibe ngozi: jumbo youluka ndi mphepo, utsi wa galimoto ina, chikwangwani cha pakona. Ikagwira mabuleki mwamphamvu pa chilichonse chotere, wobwera kumbuyo amakuwomba, ndipo okwera amadandaula. Pakati pa Seputembala 2016 ndi Malichi 2018 magalimoto a Uber anachita ngozi 37 akudziyendetsa okha, ndipo pa 33 mwa ngozizi inali galimoto ina imene inagunda ya Uber. Choncho mantha a mabuleki abodza anali ndi maziko.

Koma taonani mtengo wa mankhwala omwe anasankha. Pa makilomita 70 pa ola, sekondi imodzi ndi mamita pafupifupi 20. Malire a mphamvu ya mabuleki omwe pulogalamuyo inkaloledwa anali kutsitsa liwiro ndi mamita 7 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Pa mphamvu imeneyo galimoto ya liwiro lotere imaima m'mamita pafupifupi 27, m'masekondi osakwana 3. Pamene ngozi inazindikirika, pa 1.2, panali patatsala mamita pafupifupi 23. Kuwerengera kwanga kwachidule, poyerekeza kuti mabuleki agwira mwamphamvu nthawi yomweyo, kukusonyeza kuti galimoto ikanafika pa mayiwo ili pa makilomita pafupifupi 30 pa ola m'malo mwa 63. Mphamvu yogundira imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likatsika ndi theka, mphamvuyo imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Anthu ambiri ogundidwa pa 30 amapulumuka. Pa 60 mwayi wopulumuka umachepa kwambiri.

Apa mpamene pali chisankho chimene chimandiwawa kwambiri. Malamulo a pulogalamuyo ankati sekondi ija ikatha, ngati mabuleki ololedwawo angathe kupewetsa ngozi, agwire. Ngati sangathe kuipewetsa kotheratu, galimoto ingoliza belu n'kuyamba kutsika liwiro pang'onopang'ono. Kunalibe lamulo logwira mabuleki mwamphamvu kuti ngozi yosapeweka ichepe ukali. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya chitetezo amadziwa kuti pakati pa kupewa ngozi ndi kugunda pa liwiro lonse pali mpata waukulu, ndipo miyoyo yambiri imapulumukira mumpata umenewo.

Chifukwa chomwe chinaperekedwa pa zonsezi chinali chimodzi: m'galimoto muli munthu, ndiye adzagwira mabuleki. Komabe pulogalamu yomweyo sinkamuuza munthuyo kanthu pamene sekondiyo ikuyamba. Ngakhale akanauzidwa, munthu amene maso ake ali pamsewu amatenga pafupifupi sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka kuti aone chinthu chosayembekezereka n'kuponda buleki. Kumupatsa udindo kutatsala 1.2 n'kumupatsa chinthu chomwe thupi la munthu silingakwanitse.

Mabuleki a Volvo

XC90 imachoka ku fakitale ili ndi makina akeake ochenjeza dalaivala ndi kugwira mabuleki okha, otchedwa City Safety, omwe amatha kuzindikira anthu oyenda pansi ndi okwera njinga. Uber inkawazimitsa galimoto ikamadziyendetsa yokha. Zifukwa zake zinali ziwiri: ma radar a Volvo ndi a Uber ankatha kusokonezana chifukwa ankagwira ntchito pa mafunde ofanana, komanso sizinakonzedwe kuti mabuleki azimvera ndani makina awiriwo akalamula zosiyana. Volvo itayesa ngoziyi pa kompyuta m'njira 20 zosiyana pang'ono, inapeza kuti makina ake akanapewa kugunda m'njira 17, ndipo m'zitatu zotsalazo akanatsitsa liwiro kwambiri.

Mavuto awiri aja anali otheka kuwathetsa, ndipo umboni wake ndi wakuti ngozi itachitika anathetsedwa m'miyezi yochepa. Phindu la makina a Volvo silinali loti ndi anzeru kuposa a Uber. Linali loti ndi apadera, okhala ndi zida zawozawo ndi pulogalamu yolembedwa ndi anthu ena, choncho cholakwika cha mu pulogalamu ya Uber sichikanawakhudza. Tikamawunika makina timayang'anitsitsa zimenezi. Zotchinga ziwiri zodalira kompyuta imodzi timaziwerenga ngati chotchinga chimodzi.

Munthu wa pampando uja

Kamera yoyang'ana mkati inasonyeza kuti woyang'anirayo anathera pafupifupi 34 peresenti ya ulendowo akuyang'ana pansi, cha kumene kunali foni yake, ndipo apolisi a ku Tempe anapeza kuti foniyo inkaonetsa pulogalamu ya pa TV kudzera pa intaneti. M'mphindi 3 zomaliza anayang'ana pansi ka 23. Komaliza anaweramitsa maso kutatsala masekondi pafupifupi 6, n'kuwadzutsa kutatsala sekondi imodzi. NTSB inagamula kuti chomwe chinachititsa ngoziyi mwachindunji ndi kulephera kwake kuyang'ana msewu, ndipo inati akanakhala tcheru akanakhala ndi nthawi yokwanira yopewera ngoziyo kapena kuichepetsa. Ndikugwirizana nazo. Kanema woyamba amene anatulutsidwa ankaonetsa msewu wa mdima wandiweyani, mayiwo akungotulukira mwadzidzidzi, moti mkulu wa apolisi mumzindawo poyamba ananena kuti ngoziyi ikanavuta kuipewa. Koma kamera imeneyo inkaonetsa mdima woposa umene diso la munthu likanaona pamalopo, ndipo lipoti la apolisi omwewo la mu Juni 2018 linati ngoziyi inali yopeweka kotheratu.

Komabe wowunika chitetezo akaima pamenepa ndiye kuti ntchito sanaigwire. Kuti munthu woyang'anira makina oyenda bwino amataya chidwi ndi nkhani yodziwika kalekale. Mu 1948 katswiri wa ku Britain, Norman Mackworth, pofufuza chifukwa chomwe asilikali oyang'ana radar ankaphonyera zizindikiro, anasonyeza kuti luso la munthu loona chinthu chobwera mwa apo ndi apo limatsika m'theka loyamba la ola. Google inadzionera yokha mu 2013, itapatsa antchito ake magalimoto oyeserera kuti aziyendera pamisewu ikuluikulu. Makamera anawajambula akuseweretsa mafoni, wina akudzola zodzoladzola, wina atagona, ndipo kampaniyo inasiya njira yodalira kuti munthu adzalanda chiwongolero mwadzidzidzi. Makina akamayenda bwino kwambiri, woyang'anira amawakhulupirira kwambiri, ndipo maso ake amachoka pamsewu. Izi zimachitikira anthu akhama ndi aulesi omwe.

Uber inkadziwa kapena inkayenera kudziwa zimenezi, koma cha mu Seputembala ndi Okutobala 2017 inachepetsa oyang'anira kuchoka pa awiri kufika pa mmodzi m'galimoto iliyonse. Kale wina ankayang'ana msewu, wina n'kumalemba zochitika pa kompyuta, ndipo kukhalapo kwa mnzako kumakuchititsa manyazi kutulutsa foni. Tsopano munthu mmodzi ankakhala yekha kwa maola ambiri, kuzungulira njira yomweyomweyo usiku. Lamulo loletsa foni linalipo, kamera yoyang'ana mkati inaliponso, koma akuluakulu sankaonera kawirikawiri zomwe yajambula, ndipo munalibe chida choona komwe maso a woyang'anira ali n'kumuchenjeza nthawi yomweyo. NTSB inapeza kuti nthambiyo inalibe ndondomeko yolembedwa ya chitetezo, inalibe gawo loona za chitetezo palokha, inalibenso munthu amene ntchito yake yeniyeni inali kuwunika kuopsa kwa zoyeserera za pamsewu. Kumapeto kwa 2018 kunamveka kuti mmodzi wa mamanejala analembera akuluakulu a nthambiyo imelo masiku ochepa ngoziyi isanachitike, kuwachenjeza kuti magalimotowo akuchita ngozi pafupipafupi ndi kupempha kuti oyang'anira abwerere kukhala awiri.

Ndikasonkhanitsa zonsezi ndimaona chithunzi chimodzi. Ochotsa mabuleki adzidzidzi anadalira woyang'anira. Ozimitsa makina a Volvo anadalira woyang'anira. Osiya cholakwika cha kulosera kuti adzachikonza m'tsogolo anadalira woyang'anira. Ochepetsa oyang'anira anadalira kuti pulogalamu yakhwima. Aliyense ankaona gawo lake lokha, ndipo panalibe munthu wokhala ndi udindo woyala zisankho zonsezi patebulo limodzi n'kufunsa chomwe chatsala usiku umene woyang'anirayo wayang'ana kumbali.

Palibe chida chinawonongeka

Kwa anzanga ozolowera muyezo wa ISO 26262, womwe unatuluka mu 2011, nkhaniyi ili ndi phunziro lapadera. Muyezo umenewu umatithandiza kuganizira zomwe zingachitike chida chamagetsi chikafa kapena pulogalamu ikachita zosiyana ndi zomwe inalembedwera. Ku Tempe lidar inagwira ntchito, radar inagwira ntchito, mabuleki anali abwinobwino, ndipo pulogalamu inachita ndendende zomwe inauzidwa. Cholakwika chinali m'zomwe inauzidwazo. Mpata umenewu ndi umene ISO 21448 inabwera kudzatseka. Inatuluka koyamba mu 2019 n'kukhala muyezo wathunthu mu 2022, ndipo imafunsa za ngozi zobwera chifukwa cha kuperewera kwa kapangidwe, zida zonse zili zamoyo. Mu 2020 kunatulukanso UL 4600, yomwe Philip Koopman wa ku Carnegie Mellon University anatsogolera kulemba. Iyo imafuna kuti kampani ilembe mfundo zake zonse zosonyeza kuti galimoto ndi yotetezeka, mfundo iliyonse ndi umboni wake. Pansi pa njira yotere, mawu oti woyang'anira adzagwira mabuleki sangangolembedwa n'kusiyidwa. Pamafunika umboni wa nthawi imene oyang'anira enieni amatenga, kuchuluka kwa nthawi imene maso awo amakhala pamsewu, ndi amene amayeza zimenezo.

Ine ndikapatsidwa makina oti ndiwawunike, kaya ndi a galimoto kaya a mufakitale, ndimafufuza kaye malo onse m'zikalata pomwe palembedwa kuti munthu adzalowererapo. Pamalo aliwonse ndimafunsa kuti adziwa bwanji, ali ndi masekondi angati, ndipo akapanda kutero chigwira n'chiyani. Yankho la funso lachitatulo likasowa, sindisainira.

Zomwe zinatsatira

Uber inasamutsira magalimoto oyeserera ku Arizona mu Disembala 2016, akuluakulu a zamagalimoto ku California atalanda ziphaso za magalimoto ake ku San Francisco chifukwa chokana kutenga chilolezo choyeserera. Bwanamkubwa wa Arizona wa nthawi imeneyo, Doug Ducey, anailandira ndi manja awiri, ndipo chigawocho sichinkafuna zambiri kwa makampani oyeserera. Pa 26 Malichi 2018 bwanamkubwa yemweyo anaimitsa zoyeserera za Uber, ndipo mu Meyi kampaniyo inatseka ntchito yake ku Arizona. NTSB inatchula kuchepa kwa kuyang'anira kwa dipatimenti ya zamtengatenga ya chigawocho ngati china chothandizira ngoziyi, ndipo inapempha NHTSA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha magalimoto pamsewu, kuti lizikakamiza makampani kupereka malipoti a chitetezo ndi kuwawunika, chifukwa nthawi imeneyo kupereka malipotiwo kunali kwa wofuna.

Zoyeserera za Uber zinayambiranso mumzinda wa Pittsburgh, m'chigawo cha Pennsylvania, mu Disembala 2018, pa liwiro losapitirira mamailo 25 pa ola, oyang'anira ali awiri, kamera yoona maso awo ikugwira ntchito, ndiponso mabuleki a Volvo ali oyaka nthawi zonse. Pulogalamu inasinthidwa kuti isamataye mbiri ya chinthu dzina likasintha, kuti iziyembekezera anthu owoloka paliponse, ndi kuti izigwira mabuleki ngakhale ngozi ili yosapeweka. Sekondi yodikira ija inachotsedwa. Uber inauza ofufuza kuti pulogalamu yatsopanoyo, itayesedwa ndi uthenga wa usiku uja, inawazindikira mayiwo pa mtunda wa mamita 88 n'kuyamba kugwira mabuleki kutatsala masekondi 4. Zida zinali zomwezija.

Ku mbali ya milandu, kampaniyo inagwirizana ndi abale a malemuwo kunja kwa khoti patangopita masiku ochepa. Mu Malichi 2019 loya wa boma wa dera la Yavapai, ku Arizona komweko, anati palibe maziko oimbira Uber mlandu. Woyang'anira uja anaimbidwa mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala mu 2020, ndipo mu Julayi 2023 anavomera mlandu wocheperapo, woika moyo wa ena pachiswe, n'kupatsidwa zaka 3 zoyang'aniridwa ali kunja. Kulakwa kwake sindikukukana. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti pa anthu onse amene zisankho zawo zinakumana pa Mill Avenue usiku uja, amene anaima pamaso pa woweruza ndi iye yekha, wolandira malipiro ochepa ndiponso wopanda mphamvu yosintha kapangidwe ka galimotoyo. Mu Disembala 2020 Uber inagulitsa nthambi yonseyo ku kampani ya Aurora.

Vuto la dzina lolakwika lotsogolera ku chochita cholakwika silinathere ku Tempe. Pa 2 Okutobala 2023, ku San Francisco, galimoto yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mayi wina woyenda pansi n'kumuponyera kutsogolo kwa takisi ya kampani ya Cruise, yomwe inalibe dalaivala aliyense mkati. Takisiyo inagwira mabuleki mwamphamvu, koma inamugundabe ndipo anakodwa pansi pake. Kompyuta inalemba kuti yagundidwa cham'mbali, ndipo lamulo lake pa ngozi yotere linali kupatukira kumbali kwa msewu, choncho inanyamukanso n'kumukoka mamita pafupifupi 6. Mayiyo anapulumuka koma anavulala koopsa. California inaimitsa chilolezo cha Cruise pa 24 Okutobala, ndipo mwezi wotsatira kampaniyo inalengeza kuti ikonzanso pulogalamu ya m'magalimoto ake 950, pa gawo lomwe limasankha ngati galimoto ipatuke kapena iime pomwepo ikagunda chinthu.